Maselo Okana Kufa

Mayi anaika botolo patebulo la dokotala mwamphamvu, cholembera mpaka kugubudukira pansi. M'botolomo munali timamba totuwa todzaza tho.

"Izi ndasesa sabata ino yokha," anatero. "Pabedi, pampando, ngakhale m'nsapato. Jakisoni wanu uja ndi madzi enieni."

Amuna awo, dalaivala wa basi wopuma pantchito, anali pakona, malaya atamanga mabatani mpaka m'khosi, maso ali pansi. Kwa zaka zisanu ankavutika ndi soriyasisi, nthenda imene imatupitsa khungu n'kumaliyoyola ngati mamba a nsomba. Miyezi inayi m'mbuyomo dokotalayo anawayambitsa jakisoni watsopano, wosunga mufiriji.

Dokotala anatola cholembera chake n'kufotokoza modekha. Pakhungu labwino, anatero, maselo amabadwa, kukula ndi kufa pamwezi umodzi, mwakachetechete. Pa nthenda iyi chitetezo cha m'thupi chimawathamangitsa: amabadwa mwaliwiro, osakhwima, osafa panthawi yake, n'kumangounjikana. Jakisoniyo amatontholetsa chitetezocho kuti maselo ayambenso kufa mwadongosolo.

"Ndiye miyezi inayi yonseyi takhala tikudikira maliro?" anafunsa mayi.

"Tinganene choncho."

"Basi, awa sangafe. Atengera eni ake makani. Bambo awa anakanapo kutsika m'basi ikuyaka moto, ati sanafike pasiteji."

Bambo anatsokomola, osatsutsa.

Nkhope ya dokotala inayamba kuchita mdima. Mwa odwala ake onse, aka kanali koyamba mankhwalawa kukanika chonchi. Anatchula zosintha jakisoni, zotenga magazi, mwinanso kudulako kachikopa kuti akakapime. Atamva za kudula, bambo anayang'ana kuchitseko.

"Dulani," anavomereza mayi. "Dulani chachikulu ndithu, aone bwino."

Dokotala anatapa kamamba kamodzi m'botolo n'kukaika pamakina oonera tinthu ting'onoting'ono. Anasuzumira nthawi yaitali. Anapukuta magalasi ake, n'kusuzumiranso. Anatapa kena. Kenako, mwamanyazi pang'ono, ananunkhiza botolo lija.

"Bambo, tavulani malaya."

"Kukuzizira, adokotala."

"Thukuta likutsika m'masaya mwanumo."

"Ndi thukuta la kuzizira."

Mayi anadzuka n'kumasula okha mabataniwo, limodzi limodzi, uku akung'ung'udza. Msana unaonekera, wotuwa mbuu kuyambira m'mapewa mpaka m'chiuno.

"Mwaona?" anatero mayi monyadira, ngati akuonetsa munda wobereka. "Ndimanama ine?"

Dokotala anatsina m'mphepete mwa chigamba chimodzi n'kukoka pang'onopang'ono. Chigambacho sichinaduke. Chinamka chikumatuka, kutsika msana wonse, mpaka dokotala anaimirira atanyamula chinthu chonga pepala la pulasitiki. Pansi pake panali khungu losalala ngati la khanda.

"Mayi, maselo a bambowa akufa bwino kwambiri," anatero. "Uyu ndi guluu wa matabwa."

Mayi anatembenukira amuna awo. Bambo anakanda m'mutu, akuyang'ana nsapato zawo.

"Ndinachira mwezi wachiwiri womwe," anatero chapansipansi. "Koma zaka makumi atatu m'banja, adokotala, mayi awa anayamba kundisisita kumsana nditadwala."