Nyumba Zitatu, Mtengo Umodzi

"Fungoli ndi la penti watsopano, mayi," anatero wogulitsa nyumba.

Mayiyo anatseka mphuno ndi mpango. Penti sanunkha ngati khoswe wakufa. Pansi pa sinki panali pakuda ndi nkhungu, ndipo mphemvu zinkayenda pakhoma mwachifatse ngati eni nyumba.

Atamva mtengo, anayamba kuwerengetsera. Imeneyi inali nyumba yachitatu kuiona, ndipo iliyonse inali ndi wogulitsa wake. Yoyamba inali yopanda mpanda, yachiwiri inkadontha, iyi inkanunkha. Koma zonse mtengo wake unali umodzi, ndendende ndalama zimene banki inavomera kuwabwereka iye ndi mwamuna wake. Iyeyo ndi amene anaumirira kuti ayambe apita kubanki asanaone nyumba, kuti adziwe polekezera. Nanga ogulitsawa ankadziwa bwanji?

Anatuluka kuti apitidwe mphepo. Pageti anapeza mwamuna wake akulankhula pafoni ndi wogulitsa nyumba yachinayi.

"Ife si ongoona zinthu n'kumapita ayi, achimwene," ankatero bamboyo, dzanja lili m'chiuno. "Banki inativomera kale." Kenako anatchula ndalama zonsezo mokweza, n'kubwerezanso.

"Bambo a mwana, ena aja munkawauzanso chonchi?"

"Nanga! Simunaone mmene amatitsegulira zitseko? Munthu amakulemekeza akadziwa mphamvu zako."

Bamboyo anabwezera foni kukhutu. Anamvetsera pang'ono, nkhope n'kuyamba kuwala.

"Mayi a mwana, ife ndiye tinabadwa ndi mwayi," anatero. "Iyinso mtengo wake ukukwanira ndendende!"