Chiseyeye cha Yotam

Yotam anali atayasamula ngati mvuu pampando wa kuchipatala cha mano, koma kulankhula osaleka. Munthu akagwa m'chikondi ngovuta!

Adokotala, mayi wovala masiki mpaka m'munsi mwa maso, ankapala zoyera zomata m'mphepete mwa nkhama zake ndi kachitsulo kokhota. Akangochotsa kachitsuloko, Yotam ankayambiranso za Nelly.

Nelly mphunzitsi wa ku Sinda. Nelly yemwe akamwetulira pamalowa kadzenje patsaya lakumanzere. Loweruka Yotam ndi amalume ake akukaonekera kwa makolo a Nelly ku Mkaika. Vuto linali limodzi: akaluma chimanga chootcha, pachitsononkho pankatsala magazi. Ndiye anakwera minibasi mwakabisira kudza ku Katete, kumene palibe womudziwa.

"Amayi akewo sindinawaonepo, koma akuti ndi ovuta zedi," anatero akulavula. "Atamva zoti ndawola m'kamwa, ukwati watha basi. Koma ine ndine wochenjera. Pajatu mkamwini sayandikira apongozi. Ndikakhala patali, maso pansi, kukamwa tsekee!"

Adokotala anapaka zopala zija pakagalasi, n'kukaika pa maikulosikopu, kenaka anamutembenuzira kompyuta.

Mayo! Tinthu topotanapotana tinali piringupiringu ngati mphutsi za m'chithaphwi.

"Tizilombo timeneti ndi tomwe timabweretsa chiseyeye," anatero adokotala. "Tachuluka. Mukazengereza mano agwedera. Koma panopa n'zochizika."

"Zochizika!" Yotam anaomba m'manja, kuseka mpaka misozi. "Taonani ako, kakuvina chimtali! Vinani lero, anyamata, mawa maliro anu!"

Chimwemwe chitamukwera, anatulutsa foni n'kuonetsa chithunzi cha Nelly. "Mwamuona? Ndiuzeni, mayi wake angakhale woipa mtima bwanji, kubereka duwa lotere?"

Adokotala anachiyang'ana nthawi yaitali. Anamutsuka mano bwinobwino, kumupatsa mankhwala otsukira m'kamwa, n'kumuonetsa kagwiridwe ka mswachi ngati mwana wa giredi wani.

"Chinsinsi chathutu ichi, adokotala," Yotam ananong'ona ali pakhomo.

"Za wodwala sizituluka m'chipinda muno."

Atatero anavula masiki n'kumwetulira. Patsaya lakumanzere panalowa kadzenje.

"Loweruka musakavutike n'kuyang'ana pansi, akamwini. Ndakuonani kale mpaka kummero."