Dontho la Dzimbiri

Thovu linazilala alendo othandiza kafukufuku ali kale pa masitepe.

Dokotala wotsogolera kafukufukuyo anawerama n'kuyang'anitsitsa mtsuko wagalasi. Dzulo lomweli, akangoyatsa magetsi, kachitsulo kake ka nikelo kankagawa madzi, mpweya wa haidirojeni n'kumatuluka ngati madziwo akuwira. Lero kankangotulutsa timathovu tapatalipatali.

"Tiikemo pulatinamu, mayi," anatero mnzake wofufuza naye, yemwe onse mu labu ankamutchula kuti aUkhondo. Dzanja lake linali kale pa kabati yosungiramo pulatinamuyo. "Akapanda kuona thovu, atitsekera ntchito."

"Pulatinamu angagule ndani? Tinawalonjeza chitsulo chotchipa. Mwawatani madziwa?"

"Ndawasefa. Munali tizinyalala ta ayironi, ndachotsa tonse. Ayera kuti mbee!"

Dokotala anaseka mpaka kugwira tebulo.

"Inu aUkhondo, mudzatiphetsa! Mwachotsa mchere m'ndiwo. Nikelo payekha ndi mlesi, amafuna mnzake womukankha."

Kunamveka kugogoda, koma iye sanacheuke. Anatambasula dzanja kuseri kwa shelefu, kumene aUkhondo ankakankhira chilichonse chosaoneka bwino, n'kutulutsa kabotolo ka madzi a ayironi, ofiira ngati dzimbiri. Anadonthezamo dontho limodzi lokha.

Dontholo linamira n'kusungunuka. Timathovu tinayamba kumera pa kachitsulo kaja, tinachuluka, kenaka mtsuko wonse unayamba kuwira.

AUkhondo anachotsa dzanja pa kabati pang'onopang'ono.

"Atsegulireni alendo," anatero Dokotala, akupukutira chala pa gauni yake yoyera n'kusiyapo banga lofiira. "Ndipo ndisamve kuti mwandichapira gauniyi."