Hatchi ya Bambo a Dylan

"Ndigule kapena ndisagule?" Bonface anafunsa, koma maso ake anali atagula kale hatchi imene mzungu wina ankagulitsa pafamu yake kunja kwa mzinda wa Leicester.

"Gulani, bambo a Dylan," anatero mkazi wake Keturah. "Izigona pasofa, inu muzigona kubafa. Kapena khonsolo ya ku Braunstone komwe tikukhalako yakupatsani khola?"

Bonface sanamumve n'komwe. Ankangodziona ali pamsana pa hatchi, anzake a ku Ndirande akufa ndi nsanje pa WhatsApp. Poti chiweto chokha chomwe anagulapo chinali mbuzi ya pa Lunzu, anachita zomwe amadziwa: anaitsina m'nthiti hatchiyo, n'kuifinya ntchafu, n'kugwedeza mutu mokhutira.

Mzungu wogulitsayo anakwinya nkhope. Keturah anamusendera pafupi n'kumunong'oneza kanthu m'Chingerezi. Nthawi yomweyo mzungu uja anakoka hatchi yake n'kumenyetsa geti. "Sindikugulitsanso! Chokani pafamu panga!"

M'basi yobwerera ku Leicester, Bonface anali akuwirabe. "Tsankho lokhalokha! Nanga iwe wamuuza chiyani?"

"Ine ndangokuyamikirani," Keturah anayankha akuyang'ana pawindo. "Ndati kwathu kulibe wodziwa kusankha nyama ya pa Khirisimasi kuposa inu."