Mtovu wa Pansi pa Thanki Nambala 7

Dzenje linali litafika mamita asanu ndi imodzi, koma mtovu sunkapezeka.

Felister Nyirongo anaima m'mphepete mwake, dzuwa la ku Doha likumuotcha pakhosi. Ntchito yake inali yoyeza dothi la pansi pa mathanki a mafuta ku Industrial Area, kuona ngati mwalowa zitsulo zapoizoni. Masabata atatu m'mbuyomo anatapa dothi pansi pa mathanki khumi ndi awiri n'kulitumiza ku labu m'mabotolo. Mabotolo khumi ndi limodzi anatuluka bwino. La thanki nambala 7 linapezeka ndi mtovu woti ngakhale mphemvu ikhoza kusamuka.

Lipotilo analisainira yekha. Kampani inapopa mafuta onse, inaitanitsa makireni awiri n'kuinyamula thankiyo. Amuna makumi atatu ovala zoyera ngati akupita kumwezi anayamba kukumba. Dothi lililonse lotuluka m'dzenjemo linkayezedwa, ndipo lonse linali lopanda vuto.

Atakumba mamita anayi, manijala wa kampaniyo analamula kuti makina a ku labu nawonso ayezedwe. Anali bwinobwino. Atafika mamita asanu, anati mwina mtovuwo wasamukira ku thanki nambala 8. Anainyamulanso imeneyo.

"Khalasi, basi zakwana," anatero manijalayo m'mawa wa tsikuli. "Uupeze mtovuwo pofika Lachinayi. Apo ayi, tikiti yako ya ku Lilongwe ilipo kale."

Felister sankakayika. Labu sinama. Mtovuwo unali pansi pomwepo, kungoti unalowa kwambiri.

Masana analowa mu pikapu kuti adyere pozizira. Dalaivala wake, a Tahiru, bambo wa ku Namwera wosakonda zolankhula, anali atagwira chiwongolero ndi manja onse ngakhale galimoto inali chiimire.

"Achemwali, kodi akumba mpaka pati?" anafunsa.

"Mpaka tiupeze."

"Nanga ukapanda kupezeka?"

"Ndiye kuti ine ulendo wa kumudzi."

A Tahiru anapukuta thukuta pachipumi. Anayang'ana makireni aja kwa nthawi ndithu.

"Tsiku lija ndikupititsa mabotolo ku labu, ndinaponda mabuleki mwadzidzidzi pa raundabauti. Botolo limodzi linagwa, dothi lonse mbwee pa kapeti. Ndinaopa kuti andichotsa ntchito."

Supuni ya Felister inaima m'malere.

"Ndiye munatani, bambo?"

"Ndinadzazamo lina. Komatu musadandaule, sindinatape lachabechabe. Ndinasankha lachonde, la m'kadimba kanga kaja, kuseri kwa kampu yomwe timagona."

Felister anatsitsa maso pang'onopang'ono n'kuyang'ana m'kontena ya chakudya chake. Pamwamba pa mpunga panali mpiru wotendera, atadya kale theka. Zaka ziwiri zathunthu, Lachisanu lililonse, iye ndi Amalawi ambiri a mu Doha ankagula masamba kwa a Tahiru.