Foni ya m'Chitsime

"Zimitsa foniyo, Sorina, utiphetsa tonse!" anakuwa a Ilarie, apolisi akupondaponda mwana wawo Costel, mlongo wake wa Sorina, pachipata.

"Bambo, malamulo amalola kujambula! Ndisiyeni!"

Koma mkuluyu anakula nthawi ya ulamuliro wankhanza wa chikomyunizimu, pamene kungomuyang'anitsitsa wapolisi kunkasowetsa munthu. Anatsomphola foni ija n'kuiponya m'chitsime.

Costel anafera m'chitokosi. Apolisi anati anagwa yekha pamasitepe.

Maliro ataikidwa, loya anafika pakhomopo. "Apolisi akukanitsitsa. Koma ndamva kuti wina anajambula. Kanema ameneyo yekha akhoza kuwamangitsa. Ali kuti?"

Sorina anangoyang'ana bambo ake.

"Ndimati ndipulumutseko mwana mmodzi," ananong'ona a Ilarie.

Mkuluyu anatuluka n'kukaima pachitsime paja, chipewa chili m'manja ngati ali kumanda.