Mango a Alamu

Filomena ankasankha mpunga m'lichero, kamwala kamodzikamodzi, pamene Lovemore, bwenzi la Zione, mkulu wake wa Filomenayo, anatulukira atanyamula jumbo yodzaza ndi mango. Mnyamatayu anafika dzulo lake kuchokera ku Blantyre kudzaonekera kwa makolo a Zione ku Mtakataka, ndipo chifikireni ankangophunzitsa anthu za chilengedwe.

"Mlamu, kuseri kwa mudzi uno kuli kankhalango kokongola zedi!" anatero. "Palibe anadulamo mtengo ngakhale umodzi. Ndajambula paliponse."

"Munapita ndi ndani?" anafunsa Zione ali pakhomo la khitchini.

"Ndekha. Munthu woyenda ngati ine ndifunsirenji njira?" Anasenda bango lachitatu ndi mano, madzi akuyenderera mpaka m'chigongono. "Koma anthu akuno mumadabwitsa. Mango okoma chonchi kumangowolera pansi? Otsalawa ndiwapatsa bambo akabwera, aone kuti apeza mkamwini wochangamuka."

Zione anagwira pakamwa. Filomena anangoweramira mpunga wake. Kumsewu kunamveka belu la njinga ya bambo awo.

"Mlamu, inu simulankhula bwanji?" Lovemore anaseka. "Manyazi mpaka liti?"

Filomena anaika lichero pansi, nasasa m'manja.

"Kumene mwachokako ndi kumanda, alamu. Mtengo mwathyolawo uli kumutu kwa agogo athu, mayi awo a bambo akubwerawa. Otsalawo mukhoza kukabweza. Koma atatu mwadyawo, mukawafotokozere nokha agogowo."